Mzikiti, Sukulu ndi Galimoto ya Maswiti: Mbiri ya Claremont

Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town amaidziwa Claremont ngati malo otsikira. Pali siteshoni ya sitima, pali depoti ya mabasi ndi maminibasi, ndipo m'mawa uliwonse pamatsika khamu la anthu opita kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'magaladeni a ku Newlands ndi Bishopscourt, kapena za m'malesitilanti a ku Cavendish Square. Ndi dera la anthu opeza bwino, la mitengo italiitali ndi mipanda yamagetsi, phiri la Table Mountain lili chapafupi. Msewu waukulu wochokera kumakomboni a ku Cape Flats, umene kale unkatchedwa Lansdowne Road, lero umatchedwa Imam Haron Road. Ena mwa anthu amene amadzera msewu umenewu kuchokera ku Hanover Park ndi Manenberg, makolo awo anabadwira ku Claremont komweko, m'nyumba zimene lero adzukulu awo sangathe kuzigula ngakhale atagwira ntchito moyo wawo wonse.

Mbiri ya derali ndi ya anthu amene anayesedwa pa funso limodzi lovuta: zimene waphunzira uzichita nazo chiyani pamene mdani wako ali ndi mfuti, malamulo, makhoti ndi ndende? Ku Claremont kunali anthu ophunzira kwambiri, ndipo sanayankhe mofanana. Ena anasankha kalasi, ena anawerenga mabuku a nkhondo, wina anatenga galimoto yodzaza maswiti n'kulowa nayo kumene boma linkaletsa.

Poyamba malowa anali minda ya atsamunda, yolimidwa ndi akapolo. Pa umodzi mwa mindayi, wotchedwa Feldhausen, panakhala katswiri wa nyenyezi wa ku England, John Herschel, kuyambira 1834 mpaka 1838. Anaimika chipangizo chake chachikulu choonera kuthambo n'kulemba nyenyezi za kum'mwera kwa dziko lapansi, ndipo mu 1836 Charles Darwin anakamuchezera. Chipilala chomukumbukira chikadalipo pa sukulu ya Grove. Koma zaka zomwezo za 1834 mpaka 1838 zili ndi tanthauzo lina kwa anthu amene ankalima mindayo: ukapolo unathetsedwa pa lamulo mu 1834, akapolo n'kukakamizidwa kutumikirabe ambuye awo zaka zina zinayi, ndipo anamasukadi mu Disembala 1838. Ambiri sanapite kutali. Anamanga tinyumba m'mbali mwa msewu wopita ku Wynberg, ndipo anali ndi luso m'manja: amisiri omanga, akalipentala, atelala, oyendetsa ngolo, amayi ochapa zovala za azungu. Mu 1854 anamanga mzikiti pa Main Road, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'dziko la South Africa. Njanji itafika mu 1864 mudzi unakula msanga, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 Asilamu, Akhristu, makaladi, amwenye ndi azungu osauka ankakhala moyandikana m'timisewu ta Claremont.

Asilamu a ku Cape anali kale ndi chitsanzo cha munthu amene anagwiritsa ntchito maphunziro ake ali m'manja mwa adani. Tuan Guru, mwana wa banja lachifumu la ku Tidore ku Indonesia, anatsekeredwa ndi Adatchi pa chilumba cha Robben Island mu 1780. Analibe buku, choncho analemba Korani kuchokera pamtima. Atatuluka anatsegula madrasa mu 1793 ku Dorp Street, n'kumaphunzitsa akapolo ndi ana awo kuwerenga ndi kulemba. Mwana aliyense wa Chisilamu ku Claremont ankakula akumva za munthu ameneyu.

Mu 1926 ku Claremont kunatsegulidwa sukulu ya sekondale ya ana amene sanali azungu, Livingstone High School, dzina lomwe kwa ife Amalawi si lachilendo. Aphunzitsi ake ambiri anali a bungwe la Teachers' League of South Africa, lomwe linali mu gulu la ndale la Non-European Unity Movement. Wodziwika kwambiri mwa iwo anali Richard Dudley, mphunzitsi wa sayansi amene anakhala pasukulupo zaka 39, mpaka 1984. Chipani cha National Party chitatenga boma mu 1948, chinaganiza zoti mwana aliyense aziphunzira zoyenerana ndi mtundu umene boma lamulemba. Ana a anthu akuda anawapangira lamulo la Bantu Education mu 1953, ndipo sukulu za makaladi zinaikidwa pansi pa dipatimenti yawoyawo mu 1964. Cholinga chinali chosabisa: kutulutsa antchito omvera, osati anthu oganiza.

Aphunzitsi a ku Livingstone anapeza njira yawo. Silabasi ya boma ankaiphunzitsa bwinobwino kuti ana akhoze mayeso, chifukwa mwana wolephera mayeso ndiye anali wosangalatsa boma. Akamaliza, ankamuuza mwanayo pamene bukulo lanama. Mphunzitsi wa sayansi ankaonetsa kuti mtundu wa anthu ndi umodzi, ndipo kugawa anthu potengera khungu ndi tsitsi kulibe maziko. Mphunzitsi wa mbiri ankafunsa kuti malo amene buku likuti mtsamunda Jan van Riebeeck anawapeza mu 1652 anali a yani. Boma linkadziwa zimenezi. Dudley linamuika pa chiletso mu 1961, kumuletsa misonkhano ndi kulemba, ndipo silinalole kuti akhale mphunzitsi wamkulu ngakhale aliyense ankadziwa amene ankatsogolera maganizo a sukuluyo. Anthu a Unity Movement ankanenedwa ndi anzawo a zipani zina kuti ndi odziwa kulankhula ndi kunyanyala basi, osafuna kudetsa m'manja. Pa ndale za m'misewu mawuwa anali ndi choona chake. Koma m'kalasi anthuwa sankasewera. Mphunzitsi amene kwa zaka makumi atatu amalandira ana amene boma lawalemba kuti ndi otsika, n'kuwatulutsa ali madokotala, maloya ndi aphunzitsi okana kudzitcha otsika, ameneyo wagwira ntchito yooneka ndi maso.

Pa sukulu yomweyo panabwera mnyamata amene sanakhutire ndi kalasi yokha. Neville Alexander, wobadwira ku Cradock mu 1936, anabwerera kwawo mu 1961 ali ndi digiri ya udokotala wa maphunziro ya ku yunivesite ya Tübingen ku Germany, n'kuyamba kuphunzitsa ku Livingstone. Apolisi anali atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, zipani za ANC ndi PAC zinali zitaletsedwa, ndipo achinyamata ambiri anaona kuti zokambirana zatha. Alexander ndi anzake, kuphatikizapo Kenneth Abrahams ndi mphunzitsi wamkazi Dulcie September, anayambitsa kagulu kotchedwa Yu Chi Chan Club, komwe pambuyo pake kanakhala National Liberation Front. Ankawerenga ndi kukambirana zolemba za Mao Zedong ndi Che Guevara za kamenyedwe ka nkhondo ya m'tchire, n'kumachulukitsa timapepala tofotokoza zimenezi.

Anali anthu anzeru zakuya, koma anali ngati munthu amene waphunzira kusambira ali pamtunda. Ankadziwa za mapiri a ku China ndi a ku Cuba, koma sanadziwe kusunga chinsinsi m'tauni yodzaza akazitape, kapena kuzindikira kuti pepala lililonse losungidwa m'nyumba ndi mboni ya boma. Apolisi anawagwira mu 1963 asanaombe ndi chipolopolo chimodzi chomwe, ndipo zolemba zawo zomwezo ndizo zinakhala umboni kukhoti. Mu 1964 Alexander anagamulidwa zaka 10 ku Robben Island, Dulcie September zaka zisanu. Chodabwitsa n'chakuti kundende kuja n'kumene maphunziro a Alexander anapeza ntchito yake yeniyeni. Iye ndi akaidi ena ophunzira ankaphunzitsa anzawo kuwerenga, mbiri ndi zilankhulo, nthawi zina ali pakati poswa miyala, mpaka anthu amene analowa osadziwa kulemba dzina anatuluka ndi masatifiketi. Atatuluka mu 1974, moyo wake wonse mpaka imfa yake mu 2012 anaupereka pa nkhani ya maphunziro, makamaka yoti mwana aziyamba sukulu m'chilankhulo cha amayi ake. Sanasiye kukhala munthu wa ndale, koma anadziwa bwalo limene iye angamenyerepo nkhondo n'kupambana.

Chapafupi ndi sukuluyo, mu Stegman Road, muli mzikiti wa Al-Jaamia. Mu 1955 anthu a pamzikitiwu anasankha imamu wazaka 31, Abdullah Haron, ndipo akuluakulu ena anadandaula kuti ndi mwana. Haron anabadwa pa 8 Febuluwale 1924. Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, n'kuleredwa ndi azakhali ake. Sukulu ya boma sanapite nayo patali. Anaphunzira pulayimale ku Talfalah ku Claremont komweko, kenako anakakhala zaka ziwiri ku Makka akuphunzira za chipembedzo, ndipo atabwerako anapitiriza kwa mashehe a ku Cape Town, makamaka Shehe Ismail Ganief Edwards. Pa ukatswiri wa mabuku analipo mashehe omuposa. Chimene iye anali nacho n'chakuti sankatha kuwerenga ndime ya Korani yonena za chilungamo, za mwana wamasiye kapena za woponderezedwa, n'kutseka buku osafunsa kuti woponderezedwayo ali mu msewu uti lero. Kuyambira ali mnyamata ankafunga Lolemba ndi Lachinayi lililonse, ndipo sanasiye mpaka imfa.

Anayambira mumzikiti momwemo. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankaloweza Chiarabu osamva tanthauzo lake, imamu akalankhula onse n'kungovomera. Haron anatsegula makalasi a akuluakulu, a abambo ndi a amayi omwe, n'kumamasulira zimene akuwerenga. Ankapatsa achinyamata mpata woima pamaso pa anthu n'kulankhula, kuti azolowere kufotokoza maganizo awo ndi kuyankha mafunso. Mu 1958 iye ndi achinyamatawa anakhazikitsa bungwe la Claremont Muslim Youth Association, lomwe chaka chotsatira linayamba kutulutsa kanyuzi kotchedwa Islamic Mirror. Ena mwa achinyamatawa anali aphunzitsi ndi ophunzira oleredwa ndi maganizo a Unity Movement, ndipo imamu sanachite manyazi kuphunzira kwa iwo za ndale pamene iwo ankaphunzira kwa iye za chipembedzo. Ankaitana anthu a kunja kwa Chisilamu kudzalankhula nawo, monga Ray Alexander wa bungwe la anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zakudya. Kuyambira 1960 Haron analinso mkonzi wa nyuzipepala ya Muslim News. Mu 1961 anali mmodzi mwa amene anafalitsa chikalata cha Call of Islam, chonena poyera kuti tsankho silingagwirizane ndi Chisilamu.

Zonsezi akanatha kuzichita n'kufa ndi ukalamba. Chimene chinamusiyanitsa ndi ntchito yake ya masana. Uimamu sunkadyetsa banja, choncho Haron ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku kampani ya maswiti ya Wilson-Rowntree. Masiku amenewo munthu amene sanalembedwe kuti ndi wakuda sankaloledwa kulowa m'makomboni a Langa, Nyanga ndi Gugulethu popanda chilolezo, ndipo pachipata ankafunsa. Wotsatsa maswiti anali ndi chifukwa chomveka cholowera: magolosale a m'komboni ankafuna katundu. Tangoganizani galimoto itaima pakhomo pa kagolosale ku Langa, bambo wovala suti yaudongo akutsitsa makatoni, akulemba maoda m'buku, ana atamuzungulira kudikira switi yaulere. Wapolisi woona zimenezi sakanaganiza kanthu. Koma akamaliza za malonda, bamboyo ankalowa m'nyumba ya mayi amene mwamuna wake ali ku Robben Island kapena wanyongedwa ku Pretoria, n'kusiya ndalama ya lendi, ya chakudya kapena ya fizi. Anthu a m'makomboniwa, ambiri a iwo Akhristu olankhula Chixhosa, ankamutcha Mfundisi.

Akuluakulu amati kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Asilamu ambiri a ku Cape ankangomva za mavuto a chitupa cha pasi, za amayi othamangitsidwa kubwerera ku Transkei, za amuna ogona m'mahositelo ngati akaidi. Haron anaziona ndi maso, anakhala pamipando ya m'nyumbazo, ndipo Lachisanu akaima pa mimbari ankalankhula zimene waona. Tsankho linakonzedwa mochenjera kuti mkaladi azidziona woposa munthu wakuda, mmwenye woposa mkaladi, aliyense n'kumateteza kampando kake. Imamu wolowa ku Langa ngati mbale ankagwetsa khoma limene boma linkalidalira kuposa mfuti.

Ndalamazo zinkachokera kwa anthu akufuna kwabwino a ku Cape Town, ndipo pambuyo pake ku London, ku thumba la International Defence and Aid Fund lotsogozedwa ndi wansembe wa Anglican, Canon John Collins. Boma la South Africa litaletsa nthambi ya thumbali m'dzikomo mu 1966, ndalama zinayamba kuyenda mobisa kudzera mwa anthu odalirika, ndipo Haron anali mmodzi wa iwo. Mnzake Barney Desai, yemwe anathawira kunja n'kulowa chipani cha PAC, anamulumikizanso ndi atsogoleri a chipanicho. Mu 1968 Haron anapita ku Makka, n'kudzera ku Cairo ndi ku London, komwe anakumana ndi anthu amenewa. Anzake anamuchenjeza kuti apolisi achinsinsi akumulondalonda, asabwerere. Iye anabwerera.

Pamene izi zinkachitika, Claremont weniweniyo anali akuphwasulidwa. Lamulo la Group Areas la 1950 linapatsa boma mphamvu yolengeza kuti dera lakuti ndi la mtundu wakuti. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1970, chigawo ndi chigawo cha Claremont chinalengezedwa kuti ndi cha azungu. Dziko lonse limadziwa za District Six, yomwe inalengezedwa pa 11 Febuluwale 1966 n'kugumulidwa ndi mathirakitala. Ku Claremont zinayenda mwakachetechete. Munthu wa boma ankafika ndi chikalata, mwininyumba ankakakamizika kugulitsa pa mtengo wozizira, walendi ankapatsidwa tsiku lotuluka, lole n'kubwera kudzanyamula katundu kupita ku mchenga wa ku Manenberg, Hanover Park, Lavender Hill, ndipo kenako Mitchells Plain. Nyumba zambiri sanazigumule. Ogula anangozipaka penti, n'kuzigulitsa pa mtengo wokwera kangapo. Dera lomwe lero limatchedwa Harfield Village ndi nyumba zomwezo. Kumtunda kwa njanji kunamangidwa Cavendish Square ndi maofesi. Sukulu ya Talfalah, kumene Haron anaphunzira, inasamutsidwira ku dera la Manenberg. Banja la Haron nalonso linachotsedwa m'nyumba yawo ku Lansdowne n'kukakhala ku Crawford.

Koma mizikiti sinasunthe, ndipo apa panagwira ntchito chidziwitso cha malamulo a chipembedzo. Pa Chisilamu, malo a mzikiti ndi wakifu: aperekedwa kwa Mulungu, alibe mwini woti n'kusaina pepala logulitsa, ndipo sangasinthidwe kukhala china. Asilamu a ku Cape anaima pa mfundo imeneyi onse pamodzi, n'kukananso zopempha chilolezo choti azikaswali m'dera la azungu. Boma lomwe linkadzitcha loopa Mulungu linaona kuti kugumula nyumba zopemphereramo kudzabweretsa chipwirikiti choposa phindu lake, ndipo linazisiya. Choncho mizikiti ya Main Road, Stegman Road ndi Harvey Road inatsala pakati pa nyumba za azungu, ndipo Lachisanu lililonse anthu ankakwera basi ndi sitima kuchokera ku Cape Flats kudzaswali kumene makolo awo ankaswali. Sukulu ya Livingstone nayonso inakana kusamuka. Makolo ndi aphunzitsi anaumirira, ana n'kumayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku kubwera ku Claremont. Boma linachotsa anthu, koma linalephera kuchotsa zifukwa zimene anthuwo ankabwererera.

Pa 28 Meyi 1969, tsiku la Maulidi, pamene Asilamu ankakonzekera kukumbukira kubadwa kwa Mtumiki, apolisi achinsinsi anamutenga Haron. Anamutsekera pansi pa ndime 6 ya lamulo la Terrorism Act la 1967, lomwe linkalola kusunga munthu nthawi ina iliyonse popanda mlandu, popanda loya, popanda wachibale kumuona. Ankamufunsa mafunso ku polisi ya Caledon Square, n'kumakamugoneka m'chitokosi cha yekha ku polisi ya Maitland. Mmodzi mwa omufunsa anali Johannes van Wyk, wodziwika ndi dzina loti Spyker, amene akaidi ambiri a ndale ku Cape Town ankamutchula ndi mantha. Apolisi ankafuna maina: ndani amalandira ndalama, ndani amapereka, ndi anyamata ati amene akutumizidwa kunja kukaphunzira zausilikali. Haron anakhala m'manja mwawo masiku 123, ambiri a iwo akufunga. M'mawa wa pa 27 Seputembala 1969 anapezeka atafa m'chitokosi. Anali ndi zaka 45.

Pa thupi lake panapezeka mikwingwirima yosachepera 26, ina yakale ina yatsopano, ndi nthiti yothyoka. Apolisi anati anaterereka pa masitepe ku Caledon Square. Mu 1970 majisitireti anavomereza zimenezi n'kugamula kuti palibe wolakwa. Ife Amalawi bodza la mtundu umenewu timalidziwa: mu Meyi 1983 tinauzidwa kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, mpaka kafukufuku wa pambuyo pa 1994 anaonetsa kuti anaphedwa ndi apolisi. Boma lopha munthu m'manja mwake nthawi zonse limafuna masitepe, zenera kapena phompho loti linamizire.

Chimene anzake a Haron anachitira umboni pambuyo pake n'chakuti anthu amene ankagwira naye ntchito mobisa sanagwidwe chifukwa cha iye. Apa ndi pamene ndimaona kuti munthuyu anapambana mkangano wake ndi apolisi, ngakhale anaulipira ndi moyo. Iwo anali ndi luso lawo, lophunzitsidwa ndi kuyesedwa pa anthu ambiri: kusagonetsa munthu, kumupatula kwa anzake, kumumenya pamalo osaoneka. Iye anali ndi thupi lozolowera njala kuyambira unyamata, mtima wozolowera kukhala wokha ndi Mulungu wake, ndi mutu wodzaza ndime zoloweza zimene palibe akanamulanda pachipata cha ndende. Kufunga kwa Lolemba ndi Lachinayi kuja, komwe ena akanakuona ngati mwambo chabe, kunakhala chida pa tsiku loipa.

Maliro ake pa 29 Seputembala anasonkhanitsa anthu oposa 30,000, a zipembedzo ndi mitundu yonse, ndipo jeneza inayenda pamapewa mpaka ku manda a Asilamu a ku Mowbray. Usiku wa tsiku lomwelo kunachitika chivomezi chachikulu ku Tulbagh ndi Ceres, chomwe chinagwedeza ndi Cape Town yemwe, ndipo ambiri mwa amene anali kumaliro sanachione ngati mwangozi. Koma mantha anabwerera msanga. Atsogoleri ambiri a Chisilamu anakhala chete. Ena ankati imamu analowa ndale, zomwe si za mumzikiti. Amene anafuula anali a kunja kwa mpingo wake. Mu Okutobala 1969 Canon Collins anachititsa mwambo womukumbukira mu tchalitchi cha St Paul's ku London. Phungu wa dera la Wynberg, Catherine Taylor, anafunsa za imfayi m'nyumba ya malamulo. Mu Ogasiti 1971 wansembe wa Anglican, Bernard Wrankmore, anakwera phiri la Signal Hill, n'kukhala pa manda a shehe wina wakale osadya masiku 67, kufuna kuti boma lifufuzenso. Nduna yaikulu John Vorster anakana.

Mwezi womwewo wa Ogasiti 1971, Kamuzu Banda anali mlendo wa boma la Vorster ku South Africa, patatha zaka zinayi Malawi atakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho. Kamuzu ankati akuchita zanzeru: dziko ndi losauka, amuna athu zikwizikwi ali ku migodi ya ku Joni, ngongole yomangira likulu ku Lilongwe ikuchokera komweko, ndipo kunyanyala sikungasinthe mzungu. Imeneyonso inali njira yogwiritsa ntchito zimene munthu akudziwa kuti apulumuke, ndipo phindu lake tinalidya. Koma Mmalawi woyenda lero mu Imam Haron Road ayenera kudziwa kuti pa nthawi imene wansembe ankafa ndi njala paphiri chifukwa cha imamu wophedwa, mtsogoleri wathu ankalandiridwa ndi ulemu wonse ndi amene anakana kufufuza imfayo.

Mbewu ya Haron inamera mochedwa. Achinyamata a mu 1976 ndi m'ma 1980 ndi amene anatola dzina lake n'kuyamba kulikumbukira chaka ndi chaka. Pa mzikiti wa Main Road panabwera Imamu Gassan Solomon, amene anaimika mzikitiwo poyera kumbali ya bungwe lolimbana ndi tsankho la United Democratic Front, lomwe linakhazikitsidwa ku Mitchells Plain pa 20 Ogasiti 1983. Mu 1984 iye, Farid Esack ndi Ebrahim Rasool anali m'gulu loyambitsa bungwe lomwe analitcha Call of Islam, dzina la chikalata cha 1961 chija. Rasool anaphunzira ku Livingstone, ndipo mu 2004 anakhala nduna yaikulu ya chigawo cha Western Cape. Mwa iye mzikiti ndi sukulu za ku Claremont zinakumana. Pansi pa Imamu Rashied Omar mzikiti womwewo unapitiriza kuyesa zimene ena ankangozikamba: mu Ogasiti 1994 mayi wophunzira za Korani wa ku America, Amina Wadud, analankhula kwa anthu pa swala ya Lachisanu, nkhani yomwe inautsa mkangano waukulu pakati pa Asilamu a ku South Africa.

Sindikufuna kukometsa mathero a nkhaniyi. Anthu ochotsedwa ku Claremont sanabwerere. Lamulo lobwezera malo la 1994 linapatsa mabanja ena chipukuta misozi chochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumbazo lero, ndipo okalamba ambiri anamwalira akudikira. Kumakomboni kumene anatayidwa, adzukulu awo akulimbana ndi magulu a zigawenga ndi mankhwala ozunguza bongo, mavuto amene anakula pamene anthu anazulidwa pakati pa abale, mizikiti, matchalitchi ndi ntchito zawo. Mkazi wa Haron, mayi Galiema, anataya nyumba, n'kulera ana atatu ndi thukuta lake. Anamwalira pa 29 Seputembala 2019, tsiku lomwe zinakwana zaka 50 chiikireni mwamuna wake, ndipo anaikidwa m'manda omwewo ku Mowbray.

Ana awo ndiwo anamaliza mlandu. Anasunga mapepala a kafukufuku wa 1970, anapeza maloya ndi madokotala odziwa kuwerenga mabala a mtembo, ndipo mu Novembala 2022 khoti lalikulu ku Cape Town linatsegulanso nkhaniyi. Khoti linapita kukaona masitepe a ku Caledon Square ndi chitokosi cha ku Maitland. Akatswiri anaonetsa kuti kugwa pa masitepe amenewo sikukanabweretsa mabala a mbali zonse za thupi, a masiku osiyanasiyana. Pa 9 Okutobala 2023, Jaji Daniel Thulare anafafaniza chigamulo cha 1970 n'kunena kuti Abdullah Haron anafa chifukwa chozunzidwa ndi apolisi achinsinsi, ndipo anadzudzulanso madokotala ndi majisitireti amene anathandiza kubisa. Panali patapita zaka 54. Spyker van Wyk ndi anzake amene ankamufunsa mafunso anali atamwalira kale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anaimapo m'khoti kuyankha mlandu wa imfa imeneyi.